Mawu Amene Munalibe M'bukumo

Chaka chimene ndinali Fomu 4, kalasi yathu yonse inali ndi buku limodzi lokha la nkhani yaitali imene tinkayenera kudzalembapo mayeso a Chichewa. Akuti poyamba mabukuwo analipo angapo, koma mphunzitsi amene ankatiphunzitsa tili Fomu 3 atapeza ntchito pa sukulu ina ya pulaiveti, mwa zija zinkangomera paliponse zipani zitachuluka, mabuku nawonso anasamuka. Sindikunena kuti anaba. Ndikungoti iye atapita, m'kabati munatsala limodzi.

Amene anabwera m'malo mwake tinkangowatchula kuti Sala. Anali bambo wamtali, wosakonda kukalipa, ndipo tsiku loyamba lomwelo anatiuza chilungamo: iwo anaphunzira za mapu ndi mitsinje, Chichewa angowasenzetsa chifukwa aphunzitsi akusowa, ndipo bukulo analiwerengapo kamodzi kokha, kalekale. Atatero anatulutsa lezala m'thumba la shati n'kuyamba kudula ulusi wa kumsana kwa bukulo ife tikuona. Ine thupi linachita tsemwe, chifukwa kwathu buku silinkaikidwa ndi pansi pomwe. Analigawa mutu ndi mutu, mutu uliwonse n'kuumanga ndi kawaya. Anyamata a kumbuyo anatcha zigawozo nthuli, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka Sala yemwe ankati, "Ndani ali ndi nthuli yachitatu?"

Dongosolo lake linali lotere. Lachisanu lililonse ana angapo ankapatsidwa nthuli kupita nayo kunyumba. Umawerenga, n'kusankhamo mawu amene akugwira mtima, n'kuwakopera m'kope m'kati mwa mitengero, tizizindikiro tija timasonyeza kuti mawu ndi a munthu wina, n'kulembanso nambala ya tsamba. Pansi pake umayankhapo, kunena zimene iwe ukuona pa mawuwo. Sala ankasankha ntchito zimene zaposa zinzake n'kuzilemba pa bolodi kuti tonse tikopere. Choncho ambiri a ife bukulo tinkalidziwa kudzera m'maso mwa anzathu, chifukwa nthuli zinali zochepa ndipo ife tinali khamu.

Pa nkhani ya mitengero yokha ndi pamene Sala ankaumitsa nkhope. "Masiku ano muli ndi ufulu wolankhula," ankatero. "Pansipa lembani zimene mukufuna, ngakhale kumutsutsa wolemba bukuyo. Koma m'kati mwa mitengero umo mulibe demokalase. Amenewo ndi mawu a mwini wake, musaonjezepo, musachotsepo."

Pa desiki ndinkakhala ndi mtsikana wa ku Chilobwe, wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu, moti ndinkamuitana kuti chemwali. Anasiya sukulu atatenga mimba, n'kubwerera pamene atsikana obereka anayamba kuloledwa kulowanso m'kalasi. Mwana ankatsala ndi agogo ake. Bambo wa mwanayo anapita kumpoto kukafuna ntchito, ndipo ngakhale kalata imodzi sanalembe. Amalume ake amene anamubwezera kusukulu anamuuza mosabisa kuti mwayi ndi uno wokha, akalephera akakhale pakhomo. Ankawerenga ngati munthu amene akuthamangitsidwa. Masamu ankamuvuta, Chingelezi chinkamuterereka, ndiye chiyembekezo chake chonse anachiika pa Chichewa.

Nthuli yachisanu ndi chiwiri inandipeza ine Lachisanu lina m'nyengo yozizira. Ndinaiwerenga kamodzi, mothamanga, ndili chiimire pa mzere wa pampopi, n'kuipinda n'kuiika m'thumba la siketi ya yunifolomu. Ndinati ndiikhalira pansi bwinobwino Lamlungu.

Tinkakhala ku Zingwangwa, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine, amayi, ndi ang'ono anga awiri. Amayi ankagulitsa kaunjika pamsika. Bambo anali atatha zaka ziwiri asakugona pakhomo. Ife tinauzidwa kuti ntchito yawo ili ku Bangwe ndipo mayendedwe ndi ovuta. Ku Bangwe ndi maminibasi awiri basi, ndipo ine sindinali khanda, koma ndinasankha kukhulupirira. Mbale yawo yachitsulo inkatsukidwa pamodzi ndi zathu n'kubwezeredwa pa shelefu yapamwamba, ndipo kwa ine umenewo unali umboni wokwanira kuti tsiku lina adzabwera.

Loweruka m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anali atabwera kudzacheza, ndipo awiriwo anakhala pakhonde akusankha nyemba. Sankadziwa kuti ndili pafupi, kapena anangoiwala kuti mwana wochapa amakhalanso ndi makutu.

"Koma achemwali," anatero amayi aang'ono, "mudzadikira mpaka liti?"

"Wakuuza ndani kuti ndikudikira?" anayankha amayi. Mawu awo anali ozizira, ngati akunena mtengo wa malaya. "Ine munthuyo ndinasiya kalekale kumuyembekezera. Mbale yake ndimangoitsuka n'kuibwezera pamwamba paja kuti ana asandifunse mafunso."

Manja anga anapitiriza kufikisa okha. Ndinafikisa siketi ija, n'kuitsukuluza, n'kuifikisanso, maso ali pa khoma. Sindinalire. Ndi pofinya pamene ndinamva kanthu kofewa m'thumba, ndipo nditapisamo dzanja ndinatulutsa phala loyera lokhala ndi kawaya pakati.

Ndinayesa kuyanika phalalo pa mwala, ngati kuti dzuwa lingabwezeretse zilembo. Pofika madzulo linali litauma n'kusanduka kachibuma. Mutu wonse wa buku lokhalo la kalasi yonse unathera m'beseni langa, ndipo ndinalibe mawu ngakhale amodzi okopera.

Zimene ndinkakumbukira zinali zochepa. M'mutu umenewo munali mayi wina amene mwamuna wake anapita kukagwira ntchito kutali osabwerako, ndipo abale ake anabwera kudzamuuza kuti abwerere kwawo, iye n'kukana. Chifukwa chimene anakanira sindinachigwire, poti pofika pamenepo ndowa yanga inali itafika pampopi. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakhala pa mphasa ndi kope, cholembera chili m'kamwa, mpaka mthunzi unasuntha. Kenaka ndinatsegula mitengero n'kulemba mawu a amayi aja monga momwe anawanenera. Ndinatseka mitengero. Nambala ya tsamba ndinangoilota.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'choti yankho la pansi pake linabwera mosavuta. Ndinalemba tsamba ndi theka osapuma. Ndinati mayiyu si wopusa, akudziwa bwino lomwe kuti wasiyidwa. Ndinati akunamiza ana ake pofuna kuwateteza, ndipo mwina anawo akudziwa, koma nawonso akunamizira kusadziwa pofuna kumuteteza iye. Ndinali ndisanalembepo chinthu chotero chibadwire.

Lolemba, mtsogoleri wa kalasi atafunsa za nthuli yachisanu ndi chiwiri, ndinati ndinapereka kwa a mzere wa kuwindo. A kuwindo anakana n'kuloza a kumbuyo, a kumbuyo n'kuyamba phokoso. Masiku amenewo chilichonse chikasokonekera ankati ndi demokalase, ndiye nthuli yanga nayonso inapita m'dzina la demokalase. Sala anangopukusa mutu n'kunena kuti mwayi wake wina anaiwerengako isanasowe.

Ndinkapemphera kuti kope langa lingodutsa mwakachetechete, alichonge n'kulibweza. Lachinayi Sala analowa atalinyamula padera, pamwamba pa ena onse.

"Tamverani izi," anatero, n'kuwerenga. Mawu a amayi anga anatuluka m'kamwa mwa bambo wachilendo, pamaso pa kalasi yonse, ndipo kalasi ija yosakhala chete inati zii. Anawerenganso yankho langa lonse. Kenaka anatembenukira ku bolodi n'kulemba mawuwo ndi zilembo zikuluzikulu, mitengero uku ndi uku, ndi nambala yanga yolota ija pansi pake.

"Awa muwaloweze," anatero. "Funso la khalidwe la mayiyu silisowa pa mayeso. Amene adzagwire mawu awa n'kuwayankha bwino, ameneyo wadutsa."

Ndinamva zolembera za kalasi yonse zikukwekwesa mapepala nthawi imodzi. Pamenepo ndiye panali pokwezera dzanja, ndipo ndinkadziwa. Koma aka kanali koyamba kuti mphunzitsi anditchule pa chinthu chabwino, ndipo dzanja linalemera. Chemwali anakopera mosamala, n'kudula mizere iwiri yofiira kunsi kwake, n'kundigunda ndi chigongono. "Iwe, unawapeza bwanji? Amenewa ndiye mawu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudya bwino. Tsiku lililonse ndinkadzuka ndi ganizo loti lero ndikanena, ndipo tsiku lililonse ndinkapeza chifukwa. Lero Sala akuoneka otopa. Lero m'chipinda cha aphunzitsi muli anthu ambiri. Katatu konse ndinafika pakhomo pa chipindacho n'kubwerera, kamodzi mpaka ndinagogoda, atatsegula ndinapempha choko. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinalindadi.

Panthawiyi mawu aja sanakhale malo amodzi. Manotsi a mayeso ankayenda kuposa minibasi, kuchoka m'kope ili kupita m'kope ilo, kudutsa mipanda ya masukulu. Tsiku lina pa siteji ya ku Chitawira ndinamva mtsikana wovala yunifolomu ya sukulu ina akuuza mnzake za mayi wa mbale ya pamwamba. Ndiye kunalinso mphekesera zimene zinkakula mayeso akamayandikira, zoti ochonga mayeso bukulo amalidziwa pamtima, zoti ukalemba mawu abodza m'mitengero amadula yankho lonse, ena mpaka ankati amakayikira sukulu yonse kuti inabera. Kaya zinali zoona kaya ayi, sindidziwa mpaka pano. Ine ndinkakhulupirira zonse, n'kuonjezerapo zanga.

Ndinadzitonthoza ndi ganizo limodzi. Ndinati mwina zimene ndinalemba sizikusiyana kwambiri ndi zimene mayi wa m'bukuyo ananena, ndiye wochonga akhoza kungoona ngati mwana waiwala pang'ono. Kuti nditsimikize, Loweruka lina ndinapita m'tauni kwa anthu ogulitsa mabuku akale atayala pansi. Ndinayenda mzere wonse mpaka ndinalipeza, lakuda ndi manja, chikuto chitang'ambika. Ndinanjuta n'kutsegula mutu wachisanu ndi chiwiri.

"Asisi, pano si laibulale," anatero wogulitsayo. "Mukugula kapena mukuwerenga?"

"Ndikungoona ngati masamba ali onse."

"Ali onse. Muwerenga kunyumba."

Ndinali nditaona kale zokwanira. Mayi wa m'bukuyo sanataye mtima ngakhale pang'ono. Anakana kubwerera kwawo chifukwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwamuna wake adzabwera, ndipo mutu wonsewo unali wosonyeza chikhulupiriro chimenecho. Za mbale munalibe. Mawu anga sanali abodza chabe, anali otembenuza munthuyo chadodolido. Aliyense amene akanawalemba pa mayeso akanaonekeratu kuti bukulo sanaliwerenge. Ndinabwerera wapansi mpaka ku Zingwangwa, chifukwa sindikanatha kukhala pampando wa minibasi nditapanikizana ndi anthu.

Mungaganize kuti Lolemba lotsatira ndinakaulula. Ayi ndithu. Mantha anangokula, ndipo atakula anandimanga pakamwa. Chemwali ankandionetsa yankho lake limene analikonza n'kulikonzanso, lonse litatsamira pa mawu aja, ine n'kumati lili bwino. Ndinkaganiza za amalume ake, ndi za mwana wake amene ndinamuonapo kamodzi atavala juzi yaikulu kumuposa. Komabe ndinkati lili bwino.

Kutatsala masabata awiri kuti mayeso ayambe, chemwali anabwera kwathu Loweruka masana kuti tidzafunsane mafunso. Tinayala mphasa pabwalo. Amayi anali atabwerako msanga kumsika, ndipo anali pakhonde akusita malaya a kaunjika ndi simbi ya makala. Ndinayesetsa kuti tikhale pa masamu. Ndinabweretsa mbiri, ndinabweretsa za ulimi. Koma iye anatseka kope n'kunena kuti, "Tandimvera ka Chichewa kaja, uone ngati sindikuphonya."

Anatsinzina n'kuyamba, mokweza, momveka bwino, liwu ndi liwu. Atafika pa mbale ndinamva simbi ikuikidwa pa mwala.

"Zimenezo ndi za m'buku?" anafunsa amayi.

"Eya amama, za m'buku la mayeso. Mnzangayu ndi amene anazipeza, mpaka Sala anamuyamikira pamaso pa kalasi yonse."

Amayi anandiyang'ana. Sanakwinye nkhope, anangondiyang'ana nthawi yaitali ndithu. "Buku labwino," anatero, n'kunyamulanso simbi.

Chemwali anakhala mpaka dzuwa litapendeka, ndipo amayi anamupatsa tiyi ndi mbatata, n'kumufunsa za mwana. Nditamuperekeza n'kubwerera, ndinawapeza akupinda malaya. Ang'ono anga anali kosewera.

"Unamva," anatero osandiyang'ana.

"Eee."

"Ang'ono ako wawauza?"

"Ayi."

"Alemba anthu angati zimenezi?"

"Kalasi yonse. Ndi a masukulu ena."

"Nanga m'bukumo zilimo zofanana nazo?"

Ndinafotokoza zonse, za siketi, za phala, za wogulitsa mabuku uja. Ndinkayembekezera mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna, chifukwa mbama imatha msanga. Iwo anapitiriza kupinda malaya amodzi omwewo, kuwapinda n'kuwatambasulanso.

"Ana a eni ake," anatero pomaliza. "Mtsikana uja wasiya mwana kunyumba kuti adzaloweze bodza lako. Lolemba ukanene. Ukapanda kunena, ndikanena ndine, ndipo ndikafika ndi chitenje changa chomwechi." Anatambasulanso malaya aja. "Koma zoti mawuwo ndi anga, zimenezo usakayerekeze. Amayi a anzakowo ndimakhala nawo pamsika tsiku ndi tsiku. Sindikufuna kuti azidzasankha malaya uku akundimvera chisoni. Wamva?"

"Ndamva."

Za bambo sitinakambirane, tsiku limenelo kapena lina lililonse m'chaka chimenecho.

Lolemba sindinapite ku chipinda cha aphunzitsi, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikapemphanso choko. Ndinadikira kuti Sala alowe m'kalasi, ndipo asanatsegule pakamwa ndinaimirira. Ndinanena kuti nthuli yachisanu ndi chiwiri ndinaichapa ndine, kuti a kuwindo ndinawanamizira, kuti mawu amene tonse tinaloweza m'bukumo mulibe, ndiponso kuti mayi wa m'bukuyo ndi wosiyana kotheratu ndi zimene ndinalemba. Ena kumbuyo anafuula kuti ndikweze mawu. Ndinabwereza zonse kachiwiri.

Phokoso limene linabuka sindidzaliiwala. Sala analisiya kwa kanthawi, kenaka anamenya desiki kamodzi.

"Ndiye mawuwa ndi a ndani?" anandifunsa.

"Ndinapeka ndekha, Sala."

Anandiyang'ana ngati sakukhulupirira, koma sanafunsenso. Anauza kalasi kuti aliyense atenge rula, atsegule pa tsamba lija, adule mzere kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya. Anati amene anapereka manotsi kwa abale awo a masukulu ena akawauze lero lomwe. Kenaka ananena chinthu chimene sindinkayembekezera kwa mphunzitsi, kuti cholakwa china ndi chawo, poti analemba pa bolodi mawu amene sanawaone ndi maso awo. Zimenezo zinandipweteka kuposa chilango chimene anandipatsa, chokumba dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi. Lachitatu anabwera ndi mutu wonsewo ataukopera pamanja kuchokera ku sukulu ina, n'kutiwerengera ife tikulemba.

Anyamata anandipatsa dzina loti wolemba mabuku, ndipo ndikamakumba dzenje ankadutsa n'kumafunsa kuti lachiwiri lituluka liti. Zimenezo ndinazipirira, zinali zondiyenera. Chimene chinkandidya chinali chemwali. Anadula mzere wake ndi rula ngati ena onse, n'kusunthira kumapeto kwa desiki, ndipo sabata yonse sanandilankhule. Ndinkamuona akulemba yankho latsopano, akufufuta, akuyambanso, masiku akutha. Ndinkafuna kumuthandiza, koma ndikanayamba ndi mawu ati?

Lachisanu poweruka ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali chemwali. Tinayenda limodzi, kudutsa pa chigayo, kudutsa pa ogulitsa makala, mpaka pamphambano pamene njira yake inkakhotera kumtunda.

"Chemwali, pepani," ndinatero. "Yankho lija tikhoza kukonzera limodzi mawa."

"Yankho ndakonza kale. Si za mayeso ayi."

Anasamutsa chikwama kuchoka paphewa ili kupita paphewa linalo.

"Ukudziwa, malaya a bambo ake a mwana uja ndimawachapabe. Amakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Agogo amaona ngati ndikudikira." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Tsiku limene Sala anawerenga mawu aja, ndinati kani alipo munthu wamkulu, wodziwa zinthu, amene anakhala pansi n'kulemba za anthu ngati ine. Ndinkawanena ndikamachapa. Ndinkati sindili ndekha, alipo mayi wina kwinakwake." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga zafumbi la kudzenje. "Kani ndi iwe basi. Kamwana kongopeka."

Yankho linali pa lilime penipeni. Mayiyo analipodi, anamupatsa tiyi ndi mbatata masiku asanu ndi limodzi apitawo, ndipo pamene tinkalankhulapo anali pamsika, mtunda woyenda mphindi khumi kuchokera pamene tinaimapo. Ndinatsegula pakamwa, n'kukumbukira malaya aja akupindidwa ndi kutambasulidwa, n'kutsekanso.

"Eee," ndinatero. "Ndi ine basi."

Anagwedeza mutu, n'kuyamba kukwera njira ya ku Chilobwe. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Ukawapatse moni amama," anatero.